Loboti ya pa laini 4, momwe zikuyendera

Sabata yoyamba, Lachiwiri

Loboti yafika lero m'mawa. Anzanga muli kumudzi, sindikunena loboti ya pamsewu yofiira ndi yobiriwira ija ayi, iyi ndi mkono wachitsulo, UR10e, yopangidwa ku Odense ku Denmark. Mkonowo umalemera makilogalamu 33 ndi theka, ukatambasuka umafika mamilimita 1300 ndipo umanyamula katundu wosapitirira makilogalamu 12.5. Tinaunyamula awiri kuchoka mu katoni kukaika pa stand, kenako bokosi la kontirola ndi sikirini yake yogwira m'manja ija.

Ndaganiza zoti ndizilemba zonse chifukwa ntchitoyi andipatsa ine pamodzi ndi injiniya wa kampani yomwe yatigulitsa, koma iyeyo azibwera kawiri pa sabata basi, wotsala nayo tsiku ndi tsiku ndine. Ndinaphunzira zamagetsi ku Soche Technical, kuno ku Joni ndimagwira pa fakitale ina mbali ya ku Pinetown, timapanga mabulaketi achitsulo omwe amapita kumafakitale a galimoto. Ntchito ya lobotiyi ndi yoti munthu akachotsa bulaketi pa press, makina odula ndi kupinda chitsulo, ndikuiyang'ana, aziika mu tray, loboti izitenga mu tray muja kukaika pa gauge yoyezera kenako kulongedza mu kireti. Ndiye munthu ndi loboti azigawana tebulo limodzi.

Bwana wa production anabwera kudzaiona, anaisisita ngati mwana wa ng'ombe nkuti "iyi ndi cobot, siifuna khola, Lolemba iyambe". Cobot ndi loboti yopangidwa kuti izigwira ntchito pafupi ndi munthu. Ine sindinayankhe pagulu koma mtima sunakhale m'malo. Mkono ndi wosalala inde, ulibe ngodya zakuthwa, koma chimene uzinyamula ndi chitsulo chongodulidwa kumene pa press, makilogalamu pafupifupi awiri, m'mphepete mwake mumadula golovesi.

Sabata yoyamba, Lachisanu

Masiku atatu awa loboti sindinaiyatse nkomwe. Ndinatenga mpando ndi kope ndikukhala pakona pa laini 4 kuyang'ana anthu momwe amagwirira ntchito, shifiti ya masana yonse ndi theka la ya usiku. Pa pepala amati risk assessment, buku lake ndi ISO 12100, koma kwenikweni ndi kungokhala pansi nkuona kuti manja a anthu amapita kuti, mitu imapita kuti, makamaka zinthu zikasokonekera.

Ndaona zambiri zomwe pa drawing palibe. Bulaketi ikakhala mopendekeka mu tray munthu amabweza dzanja kukaikonza osayang'ana, dzanja limangopita lokha. Ikagwa pansi amawerama pansi pa tebulo ndipo podzuka mutu umatulukira penipeni pomwe mkono wa loboti uzidutsa. Wa forklift pobweretsa makireti amadutsa kumbuyo pomwe tinkati sipadutsa munthu. Cha m'ma 4 koloko m'mawa kumabwera wosesa, yemwe dzina lake silili pa mndandanda wa anthu a pa laini ndipo palibe anamuganizira.

Pa shifiti ya usiku pali amayi ena a kwathu, a ku Nkhata Bay, akhala pa press imeneyi zaka zambiri kuposa aliyense. Ndi aafupi. Nditaika tepi kuyeza, ndinapeza kuti pomwe injiniya anajambula kuti gripper, zala za loboti zogwirira katundu, izidutsa ndi bulaketi, kwa iyeyo ndi pachifuwa koma kwa amayiwa ndi pamaso penipeni. Ndinawaonetsa ndi dzanja kuti amayi, chitsulo chizidutsa apa. Anangoti "achimwene, ndiye mundiuze ndisanayambe, maso ndili nawo awiri okha". Mawu amenewo ndawalemba pamwamba pa kope langa.

Usiku ndinakhala ndikuwerenga za ngozi zakale. Munthu woyamba kudziwika kuti anaphedwa ndi loboti anali wa zaka 25, pa fakitale ya Ford ku Flat Rock ku Michigan, mu January 1979, anakwera kukatenga katundu pamashelefu pomwe makina otenga katunduwo anali akuyendabe. Mu 2015 ku Baunatal ku Germany, pa fakitale ya Volkswagen, mnyamata wa zaka 22 anapanikizidwa pa chitsulo ali mkati mwa khola kukonza loboti yoti iyambe ntchito. Onsewa sanali anthu ongodutsa ayi, anali anthu ngati ine, olowa pafupi chifukwa ntchito ikufuna kuti ulowe.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Takhala ndi injiniya kuyambira 9 mpaka lunch. Malamulo ake ndi ISO 10218, gawo 1 ndi la opanga loboti gawo 2 ndi la ife oiika pa ntchito, ndiye pali ISO/TS 15066 ya 2016 yomwe inabweretsa manambala a mphamvu yomwe thupi la munthu lingapirire. Mu 2025 ISO 10218 anaikonzanso nkulowetsamo zambiri za mu 15066 muja. Chimene chandisangalatsa nchakuti yatsopanoyi ikutsindika kuti chomwe mumayesa ngati nchotetezeka ndi ntchito yonse, loboti, gripper, katundu, tebulo ndi munthu, osati loboti payokha. Ndi zomwe mtima wanga umanena Lachiwiri lapita lija koma ndinalibe pepala loti ndiwaonetse abwana.

Njira zoti munthu ndi loboti agwirire limodzi zilipo zinayi. Ina loboti imaima chilili munthu akalowa nkudikira atuluke. Ina munthu amaigwira nkumaitsogolera ndi dzanja. Ina sensa imayeza mtunda, munthu akamayandikira loboti imachepetsa liwiro mpaka kuima. Yomaliza ndi yomwe anthu ambiri amaganiza akamva zoti cobot, yoti imaloledwa kukugunda koma mphamvu yake ndi yochepa moti siikuvulaza. Ife tinayamba ndi yachitatu chifukwa cha chitsulo chakuthwa chija, tiike pansi laser scanner, sensa yoona munthu akamayandikira, munthu akalowa loboti iime.

Masamu ndi omwe anatikaniza. Buku la ISO 13855 limati munthu woyenda umuwerengere mamilimita 1600 pa sekondi. Scanner yathu imatenga masekondi 0.08 kuti ione, loboti taiika kuti iziima mkati mwa masekondi 0.4, kuphatikiza ndi 0.48, kuchulukitsa ndi 1600 zikukwana mamilimita 768. Ndiye umaonjezera kutalika kwa mkono wa munthu poti phazi likhoza kukhala kunja dzanja lili kale mkati, scanner ikakhala mamilimita 300 kuchoka pansi umaonjezera 1080. Zonse 1848, kuikapo kena kake ka scanner yomweyo tikufika pafupi mamita awiri. Mamita awiri kuzungulira tebulo ndiye kuti njira yonse ya forklift yalowa momwemo, komanso munthu woika mabulaketi mu tray amakhala mkati nthawi zonse, loboti ikhoza kungoima tsiku lonse.

Tagwirizana zosakaniza. Scanner izingoilowetsa loboti mu reduced mode, kutanthauza kuyenda pa liwiro lochepa, munthu akayandikira, ndipo ikakhala mu reduced mode ndi pomwe tidalire kuchepa kwa mphamvu. Kumbuyo ndi mbali ya kireti komwe munthu alibe chofuna tiika mpanda weniweni wa waya. Inde mpanda, ngakhale abwana anati siifuna khola.

Sabata yachiwiri, Lachisanu

Mpanda wa mbali ziwiri waimikidwa. Batani lofiira la emergency ndaonjezera lina kumanzere kwa tray, loyamba linali kumanja kokha ndipo munthu akapanikizidwa dzanja lamanja sangalifikire. Tray taitsitsa ndipo njira ya gripper taisintha kuti isakwere kupitirira chifuwa cha amayi aja, ndaika safety plane mu pulogalamu kuti ngakhale wina asinthe mapointi, malo omwe mkono umauzidwa kuti uzifika, mkonowo usadutse pamenepo. Scanner ikubwera Lachitatu.

Sabata yachitatu, Lachinayi

Lero ndi tsiku lomwe ndaphunzira zambiri chiyambireni ntchitoyi. Tinabwereka chida choyezera kugunda, kabokosi kokhala ndi sipuling'i mkati, pamwamba umaika labala kenako kapepala kopyapyala koyera komwe kamafiira pomwe kapanikizidwa. Sipuling'i umasintha malinga ndi mbali ya thupi yomwe ukuyerekeza, ya dzanja ndi yolimba, ya pamimba ndi yofewa. Umamangirira kabokosiko pomwe dzanja la munthu likanakhala nkuiuza loboti ibwere idzagunde.

Ena mwa manambala a mu 15066 anachokera pa kafukufuku wa ku yunivesite ya Mainz, anatenga anthu 100 nkumawapanikiza pang'onopang'ono malo 29 a pathupi mpaka munthu anene kuti apa zayamba kuwawa. Ndiye malire ake ndi pomwe ululu umayambira, osati pomwe fupa limathyokera. Dzanja ndi zala zikapanikizidwa osatha kuthawa malire ndi 140 N (N ndi newton, muyezo wa mphamvu), kukakhala kugunda kwa kanthawi kochepa komwe dzanja limatha kubwerera m'mbuyo amalola kawiri kake, 280 N. Nkhope ndi 65 N basi, ndipo kumutu salola nkomwe kuti ukonze ntchito yoti loboti izigundako.

Poyamba tinayeza mkono wokha ukugunda cham'mbali, zinali bwinobwino. Kenako tinayeza choopsa chenicheni, loboti ikutsika ndi bulaketi dzanja lili pansi pake pa gauge. Sikirini inaonetsa 118 N. Injiniya anamwetulira nkuti tadutsa, 118 ndi yochepera 140. Ndiye ndinachotsa kapepala kaja. Pakati pake panali kamzere kofiira kwambiri, kopyapyala ngati podulidwa ndi lezala, kutalika kwake mwina theka la chala. Titakaika pa scanner ya pa kompyuta kuti iwerenge, pa kamzereko kupanikiza kunapitirira kutali malire a kuseri kwa dzanja omwe ndi pafupifupi 200 N pa square centimetre. Mphamvu yonse ija inathera pa m'mphepete mwa chitsulo. Aliyense wosenda chinangwa akudziwa kuti mpeni wakuthwa sufuna mphamvu, koma kuziona pa kapepala nkuganiza kuti pamenepo pakanakhala mitsempha ya kuseri kwa dzanja la munthu yemwe ndimadya naye nsima Lamlungu, thupi linachita tsembwe.

Loboti sinalakwe kanthu, inaima monga inauzidwira, protective stop, kuima yokha ikamva kuti yagunda chinthu, inabwera nthawi yomweyo. Kungoti siidziwa kuti yanyamula chani.

Tasintha zinthu zitatu. Bulaketi izinyamulidwa mbali yafulati ili pansi, yakuthwa itayang'ana ku loboti, zatengera kusintha zala za gripper ndi kutembenuza gauge. Mamilimita 100 omaliza potsika iziyenda pang'onopang'ono kwambiri. Ndipo pa gauge taika kachivindikiro ka pulasitiki koti dzanja lisathe kulowa pansi pa bulaketi ngakhale munthu atafuna. Tayezanso kasanu malo aliwonse, kapepala kakutuluka kotuwira pinki, kofalikira, palibenso mzere. Mapepala onse ndawamata mu faelo ndi tsiku lake.

Sabata yachitatu, Loweruka

Ndinabwera ndekha kudzayesa zomwe zimachitika magetsi akazima, poti kuno load shedding tinaizolowera ndipo jenereta yathu imatenga kanthawi isanadzuke. Ndinaimitsa loboti bulaketi ili m'mwamba nkuzimitsa main. Mkono unagwira bwino, mabuleki a m'majointi anatseka, sunagwe. Koma gripper yathu imagwira ndi mphamvu ya mpweya, ndiye mpweya utayamba kuchepa mu paipi, zala za gripper zinamasuka pang'onopang'ono, bulaketi inagwa nkuboola katoni yomwe ndinaika pansi. Pamenepo ndi pomwe munthu amaponda akamakonza tray. Ndaitanitsa valavu yotsekera mpweya mkati kuti zala zisamasuke, ndipo ndalemba kuti nsapato za safety pa laini 4 si nkhani yokambirana.

Nkhani ina, munthu akapanikizidwa magetsi kulibe umamuchotsa bwanji? Buku la loboti limati ukhoza kuukankha mkonowo mwamphamvu kwambiri nkusuntha, koma ndi za pangozi zokha chifukwa zimatha kuononga jointi. Sindinayese, koma ndizinena pa training kuti aliyense adziwe, munthu asamathamange kukasaka wa maintenance mnzake ali chopanikizidwa.

Ndaikanso poika loko pa isolator, switchi yodulira magetsi, ndi pa valavu ya mpweya. Aliyense wolowa mkati mwa mpanda kukakonza aziika loko wake kiyi ali m'thumba mwake. Pophunzitsa loboti mapointi liwiro lisapitirire mamilimita 250 pa sekondi, ndipo wogwira sikirini akhale yemweyo ali pafupi ndi mkono, osati wina kugwira sikirini wina ali mkati.

Sabata yachinayi, Lachitatu

Tayamba kuyendetsa ndi mabulaketi enieni. Bulaketi imodzi ikutenga masekondi 19, pa pulani analemba 14. Bwana wa production anandiitana ku ofesi, mawu ake anali oti ndikweze liwiro la reduced mode "pang'ono chabe" tione. Ndinapita ndi faelo. Sindinalankhule zambiri, ndinatulutsa kapepala ka mzere wofiira kaja nkuika patebulo pafupi ndi ka pinki, ndinati bwana, aka ndi liwiro lomwe mukufuna, aka ndi lomwe tili nalo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Si munthu woipa, nayenso ali ndi omufunsa za manambala Lachisanu lililonse, koma ndinawauza poyera kuti liwiro likasintha ndiye kuti kuyeza konse kuyambirenso, ndipo ine sindisaina popanda zimenezo. Lamulo la kuno, Occupational Health and Safety Act ya 1993, limaika udindo pa olemba ntchito kuti makina akhale osavulaza anthu, ndipo safety rep wathu, yemwe lamulo lomwelo limafuna kuti akhalepo malo aliwonse a antchito opitirira 20, anali nane limodzi mu ofesimo.

Masekondi tawapeza kwina. Loboti imazungulira njira yaitali popita ku kireti, mbali imeneyo kuli mpanda ndipo scanner ikaona kuti kulibe munthu ikhoza kuthamanga, ndiye ndafupikitsa njira ndikusendeza kireti pafupi. Tafika pa 16. Pamenepo ndi pomwe tithere.

Zokhudza safety mu kontirola ndazitseka ndi password, tikuidziwa awiri. Pakona yakumanja pamwamba pa sikirini pamakhala ka checksum, timanambala ndi timalemba tomwe timasintha munthu akangokhudza setting iliyonse ya safety. Ndakalemba pa sitika nkumata pa bokosi la kontirola, supavaiza aliyense poyamba shifiti azifananiza. Zikasiyana loboti isayatsidwe, andiimbire foni kaya ndi usiku.

Sabata yachisanu, Lolemba usiku

Training ya shifiti ya usiku, anthu asanu ndi awiri kuphatikizapo wosesa uja, ndinachita kukamupempha kwa supavaiza wake. Ndinalankhula Chingerezi, mnzanga wina amamasulira m'Chizulu, amayi aja ndimawafotokozera m'Chichewa pambali. Aliyense anadina batani lofiira ndi dzanja lake, aliyense anayenda kulowa mu scanner kuti amve momwe phokoso la loboti limasinthira ikachepetsa liwiro. Ndinawauza kuti ikaima osayenda sizikutanthauza kuti yazima, mwina ikungodikira bulaketi, ndiye taika nyali pamwamba, yobiriwira ikuyenda, yachikasu ikudikira ndipo ikhoza kunyamuka nthawi ina iliyonse, yofiira yaima zenizeni. Apa ndiye yafananadi ndi loboti ya pamsewu.

Pa break amayi aja anandikokera pambali. Funso lawo silinali la manambala ayi, anati "achimwene, nenani zoona, chinthuchi chabwera kudzatichotsa ntchito?" Ndinawayankha zomwe ndikudziwa, kuti pa laini 4 munthu akufunikabe chifukwa loboti siiona ming'alu pa bulaketi, ndipo amene amalongedza kale wapita ku press ina. Za chaka chamawa sindinalonjeze. Koma funsoli likukhudza safety kuposa momwe mabwana amaganizira, munthu woopa kuchotsedwa ntchito sanena kuti loboti yamugunda, amangopukuta magazi nkupitiriza, makamaka ife obwera omwe timaopa kuoneka ovuta. Ndiye ndawapempha, ndipo ndapempha onse, kuti kugundidwa kulikonse ngakhale kosapweteka kulembedwe mu kope lomwe ndapachika pa mpanda, osalemba dzina ngati munthu sakufuna.

Sabata yachisanu, Lachisanu

Mu kope muli kale zinthu zinayi. Ziwiri ndi protective stop zopanda munthu, tray inasuntha pang'ono loboti nkugunda m'mphepete, ndamanga ndi mabawuti. Izi ndizofunika kuzithetsa msanga chifukwa loboti ikamangoimaima popanda chifukwa anthu amatopa nayo nkuyamba kusaka njira zoizembera. Chachitatu, wa forklift anasiya kireti yopanda kanthu kutsogolo kwa scanner, loboti inakhala mu reduced mode ola lathunthu, palibe choopsa koma kuseri kwa kireti scanner siiona, munthu akhoza kuima pamenepo osaoneka. Ndapenta pansi mzere wachikasu poti pasaikidwe kanthu.

Chachinayi ndi cholembedwa m'Chichewa, ndiye ndadziwa mwini wake. Akuti usiku kukuzizira, anavala jekete lalikulu pamwamba pa ovolosi, mkono wa jekete unakodwa pa paipi ya mpweya ya pa gripper loboti ikunyamuka, inakoka pang'ono nkuima. Sanavulale. Pa risk assessment yanga yonse ija jekete mulibe, ndinayang'ana anthu kukutentha. Paipi ija ndaifupikitsa lero nkuimangirira mothina ku mkono kuti pasakhale chokolowekera, ndipo ndalembera abwana kuti shifiti ya usiku igulidwe majekete othina m'mikono, chifukwa kungowaletsa kuvala pomwe fakitale ikuzizira ndiye kuti azivala mobisa.

Valavu ya mpweya yafika, ndiika mawa m'mawa kenako ndiyesenso kuzimitsa main bulaketi ili m'mwamba. Chida choyezera chija tibwerekanso Lachiwiri poti paipi ndi zala za gripper zasintha, ndipo mwezi wamawa kukubwera bulaketi ya mtundu wina, yaitali, yokhala ndi ngodya ziwiri zakuthwa, imeneyo sindinaione nkomwe m'manja. Ndapempha andipatse zisanu Lolemba kuti ndikakhale nazo pa tebulo ndi amayi aja tione kuti aziigwira mbali iti.